Utsi wa mtengo wosayaka: mmene nyengo ndi mphepo zimayendetsera mungu wa mikungudza

Amalume anga amasamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba ina ku Highlands, mumzinda wa Harare, ndipo Loweruka lina la Ogasiti anandiitana kuti ndikawagwirire makwerero podulira mpanda. Mpandawo ndi wa saipuresi, wobiriwira chaka chonse, wotalika kuposa denga la galaja. Tisanayambe, anatenga mpini wa leki n'kugogoda nthambi ya kumbali imene inatha zaka ziwiri osaduliridwa. Panatuluka kautsi kachikasu, kanaima pang'ono m'malere, kenaka kamphepo kanakanyamula n'kukawolotsa msewu.

"Waona mphwanga? Mtengowu ukusuta fodya," anatero akuseka.

Ine sindinaseke nawo. Ndinali nditayamba kale kuyetsemula, kasanu kotsatizana, maso akuyabwa ngati mwagwera tsabola.

Kautsi kaja ndi mungu. Kuno ku Harare mphuno zikayamba kuvuta kumapeto kwa nyengo yozizira, ambiri timati ndi masainasi, ena amati ndi fumbi, ndipo Sepitembala akalowa mlandu wonse timamusenzetsa jakaranda, poti ndiye amene timamuona atayala maluwa ake m'misewu ya ku Avenues. Komatu jakaranda ndi mtengo wa njuchi. Mungu wake ndi womata, umakakamira pa tizilombo, ndipo wouluka wokha ndi wochepa. Mtengo wodzikongoletsa ndi maluwa umakhala ukuitana wonyamula katundu wake. Umene ulibe maluwa ooneka umakhala utapereka ganyuyo kwa mphepo, ndipo saipuresi, paini, udzu wa m'madambo ndi chimanga zili m'gulu limeneli. Kwa mitengo yotereyi, kuti mungu uchuluke bwanji, utuluke liti, ukafike kuti, zonse zimagamulidwa ndi nyengo.

Tiyambe takonza dzina, chifukwa mawu oti mkungudza amasenza mitengo yambiri yosiyana. Mkungudza wa ku Lebanoni umene timaumva kutchalitchi, uja Solomoni anamangira kachisi, ndi wachibale wa paini. Wa kwathu ku Mulanje, umene unasankhidwa mu 1984 kukhala mtengo wa fuko la Malawi, ndi wa banja la saipuresi, ndipo uli ndi mng'ono wake wamfupi amene amamera m'mapiri a Nyanga ndi Chimanimani. Ku Japan kuli sugi, umene alendo amautcha mkungudza wa ku Japan. Ku Texas kuli wina womera m'zitunda za miyala, umene eni ake amautcha mkungudza wa m'phiri. Kupatula wa ku Lebanoni uja, yonseyi ndi banja limodzi ndi saipuresi wa pa mpanda wa amalume, amene makolo ake anachokera ku Mexico. Mungu wa banjali umafanana zedi, moti thupi limene ladana ndi umodzi kawirikawiri limadananso ndi inzake. Choncho zimene anthu aphunzira ku Tokyo kapena ku Austin ya ku Texas zili ndi ntchito kwa munthu wa ku Glen View kuno ku Harare.

Aliyense amene analimapo chimanga, ngakhale kandime ka m'mbali mwa njanji ku Mufakose, theka la nkhaniyi akulidziwa kale. Ngayaye imakhala pamwamba, ndevu zili m'munsi, ndipo ufa wa ngayaye umafika pa ndevuzo ndi mphepo. Mukadutsa m'munda cha m'ma 9 koloko dzuwa litaumitsa mame, malaya amatuluka ali mbuu. Mukadutsa mbandakucha mumangonyowa basi. Mikungudza imachita chimodzimodzi. Kunsonga kwa tinthambi take kumamera timibulu tachimuna, tating'ono ngati njere za mpunga, ndipo m'kati mwake muli timatumba ta mungu. Tizipatso tachikazi, tija timadzakula n'kukhala ngati nzama zouma, timatulutsa kadontho ka madzi omata kuti kakole mungu wodutsa. Mwayi woti kanjere kamodzi kagwere pa kadontho kameneko ndi wochepa kwambiri, n'chifukwa chake mtengo umamwaza mungu wosawerengeka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mkungudza umaika dala fodya wake yense pachala, ndipo wina amadzathera pamphuno zathu.

Pamene chimanga ndi mkungudza zimasiyana ndi pa kulemera. Tinjere ta mungu wa banja la saipuresi ndi tating'ono moti pafupifupi 30 titandandalikidwa pamzere timangokwana milimita imodzi. Ka chimanga n'kakakulu katatu ndipo kamagwa mofulumira pafupifupi kakhumi, ndiye wambiri umathera m'munda momwemo kapena mwa neba. Ka mkungudza, kukakhala bata, kamatsika masentimita 2 kapena 3 okha pa sekondi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kakachoka pansonga ya mtengo wotalika mamita 10, kamatenga mphindi 6 mpaka 8 kuti kafike pansi. Pakhale kamphepo ka makilomita 18 pa ola, kaja kongovinitsa zovala pachingwe, ndiye kuti m'mphindi zimenezo kayenda pafupifupi makilomita awiri. Tsono kakakumana ndi mpweya wotentha umene umakwera masana n'kukwezedwa mamita 1,000, kutsika kwake kumatenga maola 9 kapena kuposa, ndipo kamphepo komweko kamakafikitsa makilomita oposa 150. Kuchokera ku Harare, umenewo ndi ulendo wopitirira Kadoma, wopanda ngakhale ndalama ya kombi.

Dziko limene nkhaniyi laiphunzira bwino ndi Japan, ndipo laiphunzira misozi ili chuchuchu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, mapiri ambiri anali atametedwa mpala pamene mizinda inkafuna matabwa omangira. Boma linalimbikitsa kubzala sugi ndi mnzake hinoki, poti zimakula msanga ndiponso mowongoka. Lero minda ya sugi yokha ndi mahekitala oposa 4 miliyoni. Koma mitengo ili m'kati mokula, msika unatembenuka. Kuyambira m'ma 1960 matabwa otchipa ochokera kunja anadzaza, kudula sugi kunasiya kupindulitsa, mitengo inasiyidwa chiimire. Ndipo sugi amayamba kutulutsa mungu wambiri akafika zaka pafupifupi 30. Madokotala analemba za odwala oyamba ku Nikko mu 1964. Kafukufuku wa dziko lonse anapeza kuti mu 1998 anthu 16 pa 100 alionse ankavutika ndi mungu wa sugi, mu 2008 anaposa 26, ndipo mu 2019 anafika pafupifupi 39. Mu 2023 boma linalengeza ndondomeko yochepetsa minda ya sugi ndi gawo limodzi mwa magawo 5 m'zaka 10, kuti mungu udzatsike ndi theka m'zaka 30. Obzala aja ankafuna nyumba. Zoti adzukulu awo azidzayenda atavala zophimba kukamwa ndi magalasi miyezi itatu pachaka palibe anaziganizira.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri pa zimene a ku Japan anapeza n'chakuti mungu wa chaka chino mlandu wake unatha kale chaka chatha. Timibulu tachimuna ta sugi timayamba kupangika m'nyengo yotentha, cha mu Julayi ndi Ogasiti kwawoko. Nyengoyo ikakhala yotentha kwambiri, ya dzuwa lambiri ndi mvula yochepa, mtengo umabereka timibulu tochuluka. Ikakhala ya mitambo ndi yozizirirapo, timachepa. Tikakhwima timagona nyengo yonse yachisanu, n'kudzatseguka kuyambira Febuluwale mpaka Epulo. Choncho a zanyengo amatha kuchenjeza anthu kukadali miyezi ingapo kuti chaka chikubwerachi n'choopsa, gulani mankhwala. Tsiku loyambira nalo lili ndi kawerengedwe kake. Amaphatikiza kutentha kwapamwamba kwa tsiku lililonse kuyambira pa 1 Januwale, ndipo ku Tokyo chiwerengerocho chikayandikira madigiri 400 amadziwa kuti zayandikira. Januwale wofunda amafulumizitsa, wozizira amachedwetsa. Mtengo nawonso umatopa: chaka chobereka kwambiri nthawi zambiri chimatsatidwa ndi chochepa, ngati mmene mango amachitira.

Timibulu tikakhwima, chotsegula chitseko ndi kuuma. Mpweya ukakhala ndi chinyezi, mamba a kambulu amakhala otsekana ndipo mungu umaumbana. Dzuwa likatentha, chinyezi n'kutsika, mambawo amakanuka, timatumba timang'ambika, ndipo pamangotsala kuti china chigwedeze nthambi. Chogwedezacho ndi mphepo, makamaka yobwera mwa apo ndi apo, yokankha n'kusiya. Mpini wa leki wa amalume unangochita ntchito ya mphepo yotere.

Ku Texas zimenezi zimaoneka ndi maso. Nyengo yake ndi Disembala mpaka Febuluwale, pakati pa chisanu. Mtundu wakumeneko uli ndi mitengo yaimuna payokha ndi yaikazi payokha, ndipo yaimunayo imafiirira ndi kuchuluka kwa timibulu. Mpweya wozizira ndi wouma ukatsika kuchokera kumpoto ndi mphepo yamphamvu, mitengo yambiri imatsegula nthawi imodzi, ndipo zitunda zozungulira Austin ndi San Antonio zimaoneka ngati zikufuka. Anthu akumeneko amati malungo a mkungudza, ngakhale kuti thupi silitentha kwenikweni.

Tsopano bwererani ku Harare mu Ogasiti. Mzindawu uli pamtunda wokwera pafupifupi mamita 1,500, ndipo kuyambira Meyi mpaka Okutobala mvula imakhala ya mwa mwayi. Kumacha kukuzizira, masana kumafunda, mpweya umauma mpaka milomo kung'ambika ndi vaselini kutha msanga m'nyumba. Eni dziko mwezi umenewu amautcha Nyamavhuvhu, mwezi wa mphepo. Kouma, kofunda, kwa mphepo: zitatu zonse zimene kambulu kamafuna zimakumana mwezi umodzi. Ku South Africa, kumene amawerenga mungu m'mizinda, wa saipuresi umachuluka cha nthawi yomweyi, kumapeto kwa nyengo yozizira ndi kumayambiriro kwa yotentha. Pamwamba pa munguwo onjezerani fumbi la m'misewu yokumbika, utsi wa tchire limene likupsa, ndi akamvuluvulu ovina m'mabwalo a mpira. Fumbi ndi utsi paokha si mungu, koma zimapalasa m'mphuno n'kusiya pofewa, ndiye mungu ukafika umapeza khomo lili pululu. Amene amati vuto ndi fumbi sanama kwenikweni, angoona mmodzi mwa akubawo.

Ogasiti ndi mwezinso wa makaiti, ndipo kaiti ili ndi malo ake m'mbiri ya nkhaniyi. Dokotala wina wa ku Manchester, Charles Blackley, amene iye mwini ankavutika ndi chimfine cha mungu, anafalitsa zofufuza zake mu 1873. Ankapaka zomata pa tizidutswa ta galasi, n'kutimangirira ku kaiti, n'kuiulutsa mamita mazana angapo. Atatsitsa n'kuwerenga, anapeza kuti kumwambako mungu unali wochuluka kuposa pansi. Chifukwa chake tikuchidziwa tsopano. Dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya wa pansi umapepuka n'kukwera, monga momwe mumaonera akabawi akuzungulira m'mwamba osakupiza mapiko, ndipo umakwera ndi mungu womwe. Kumwambako mphepo imathamanga kwambiri poti kulibe nyumba kapena mitengo yoitchinga. Akatswiri a ku Tulsa, ku Oklahoma, akhala akukola mungu wa mkungudza wa m'phiri kwa zaka zambiri pamene mtengowo sumera mumzinda wawo, ndipo umafika pa masiku a mphepo yochokera kum'mwera. Mu Januwale 2014 mungu womwewo unakoledwa ku London ya ku Ontario, ku Canada, mtunda wa makilomita oposa 2,000, ndipo DNA yake inatsimikizira kuti unalidi wa mkungudza wa m'phiri.

Chokwera chimatsika, ndipo apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Munthu amati, masana onse ndinali bwino, bwanji mphuno zayamba madzulo ndili pakhomo, kutali ndi mtengo uliwonse? Dzuwa likapendeka, nthaka imazizira, mpweya umaleka kukwera, ndipo zonse zimene zinali m'mwamba zimayamba kutsika pang'onopang'ono. Ku Tokyo amadziwa kuti mungu umachuluka kawiri patsiku: cha kumasana pamene wochokera kumapiri wafika, ndi dzuwa litangolowa pamene wa kumwamba ukutsika. Kuno tili ndi chizindikiro chooneka. Imani pa kaphiri ka Kopje madzulo a Juni kapena Julayi muyang'ane chakum'mwera. Utsi wa mbaula ndi wa nkhuni sukwera, umayala ngati bulangete pamwamba pa madenga a Mbare ndi Sunningdale. Pamenepo mpweya wozizira wagona pansi, wofunda wauvundikira pamwamba, ndipo chilichonse cholowa m'katimo chimakhala momwemo mpaka dzuwa la mawa. Mungu umatsekeredwa mofanana. Mukaona utsi wagona chotero, dziwani kuti zenera la kuchipinda likatsegulidwa lilowetsa zambiri.

Mbali imene mphepo ikuchokera nayo ndi nkhani. Ku Harare masiku ambiri imachokera chakum'mawa. Atsamunda ankadziwa zimenezi pogawa mzinda: mafakitale a Workington, Southerton ndi Willowvale, pamodzi ndi malokeshoni ngati Mbare, Highfield ndi Mufakose, anaikidwa kum'mwera ndi kumadzulo kuti utsi usamapite kumayadi. Ndipo kumayadiko, kumpoto ndi kum'mawa kwa tauni, ndi kumene kuli mipanda yaitali ya saipuresi ndi mitengo ikuluikulu yobzalidwa kalekale. Ndikaganiza zimenezi ndimaseka ndekha. Agogo athu ankakwera njinga kupita kumayadi kukabzala ndi kuthirira mitengoyo, ndipo lero mphepo imatha kutitumizira mungu wake kulokeshoni, kwaulere. Sindikunena kuti aliyense woyetsemula ku Kambuzuma akuyetsemulira mpanda wa ku Borrowdale. Mungu wochuluka umagwa pafupi ndi mtengo wake, ndipo mukatalikira umachepa mofulumira. Koma kusakhala ndi saipuresi pabwalo panu si chikalata chokutetezani, ndipo tsiku limene mphepo yatembenuka, oyetsemula nawo amasintha.

Mzinda umawonjezera vuto lina. Mungu ukagwa pa dothi lonyowa kapena pa udzu, umakakamira n'kuwola. Ukagwa pa phula, pa simenti kapena pa malata, umangokhala, wouma, kudikira. Kombi ikadutsa umadzuka. Wina akasesa pakhonde ndi tsache louma umadzukanso. Kanjere kamodzi kangathe kuuluka kangapo kasanathe mphamvu. Amayi athu amene amayamba awaza madzi pabwalo asanasese anali kale ndi yankho, ngakhale iwo ankalimbana ndi fumbi.

Nanga mvula? Yamvumbi, yogwa pang'onopang'ono kwa maola, ndi bwenzi la woyetsemula. Madontho amatsuka mpweya, chinyezi chimatseka timibulu, ndipo wogwa pansi umamatirira. Ngakhale kamvula kowaza ka nyengo yozizira, kamene kuno amati guti ndipo kwathu timati chiperoni, kamathandiza. Kamabwera ndi mpweya wonyowa wochokera kum'mwera chakum'mawa, kunyanja yaikulu ya India, ndipo dzina lakuti chiperoni linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Masiku amenewo anthu amadandaula kuzizira, koma mphuno zimapuma. Tsoka lili pa tsiku lotsatira. Timibulu timene tinakhwima m'masiku a mitambo timakhala tikudikira pamzere, ndipo kukangocha kowala, kouma, kwa mphepo, timatsegula tonse pamodzi. A ku Japan tsiku lotsatira mvula amaliwerengera m'gulu la masiku oipitsitsa.

Mvula ya mabingu ndi ina, ndipo apa mwambi uja woti walira mvula walira matope umakwanira bwino. Mtambo wa mabingu usanagwetse madzi umayamba wakoka mpweya wa pansi n'kuukweza, mungu uli momwemo. Kanjere ka mungu kakamwa madzi kamafufuma n'kuphulika. Ka banja la saipuresi kamachita kuvula chikhungwa chake chonse, ndipo pachikhungwapo pamakhala tinthu tina tating'ono kwambiri tonyamula chimene thupi limadana nacho. Kanjere kathunthu kamakodwa m'mphuno ndi m'maso. Tizidutswa take timalowa mpaka m'mapapo. Kenaka mphepo yozizira ija imene imatsogolera mvula, yomenyetsa zitseko ndi kuulutsa mapepala, imatsitsa tizidutswato pa anthu. Pa 21 Novembala 2016 zoterezi zinachitika ku Melbourne, ku Australia. Mungu wake unali wa udzu, osati wa mkungudza. Anthu masauzande anathamangira kuzipatala akubanika usiku umodzi, ambiri a iwo asanadziwepo kuti ali ndi mphumu, ndipo 10 anamwalira. Zofika pamenepo sizichitika kawirikawiri, koma ife mvula yathu yoyamba imabwera ndi mabingu, ndipo mungu wa udzu umachuluka m'dzinja. Wa mphumu akaona kumwamba kwada ndipo mphepo yayamba, alowe m'nyumba, atseke mawindo, mankhwala opopera akhale pafupi.

Mwina mukufunsa kuti amawerenga bwanji chinthu chosaoneka. Njira yakale ndi ya Blackley yomweyo: kagalasi kopakidwa vaselini kamaikidwa padenga kwa maola 24, kenaka munthu amawerenga tinjere timene tagwera pa sikweya sentimita imodzi pogwiritsa ntchito makina okulitsa zinthu. Ku Japan akuigwiritsabe ntchito. Ina ndi ya makina amene Jim Hirst anapanga ku England mu 1952, amene amakoka malita 10 a mpweya pa mphindi, pafupifupi mmene munthu amapumira, n'kumata zonse pa tepi yoyenda pang'onopang'ono, moti mumadziwa ola limene mungu unachuluka. Ku South Africa kuyambira mu 2019 makina oterewa akugwira ntchito m'mizinda ngati Cape Town, Johannesburg, Pretoria ndi Durban, ndipo zotsatira zimaikidwa pa intaneti sabata iliyonse. Ife kuno tikamamvera zanyengo timatchera khutu ku mvula ndi kutentha basi, koma zolosera zomwezo zimanenanso za mphepo, ndipo wodziwa kumva angadzipangire yekha kulosera kwa mungu.

Si aliyense amene amavutika. Amalume amasamba mu utsi wachikasu uja chaka ndi chaka osayetsemula ngakhale kamodzi. Kwa ena a ife, chitetezo cha m'thupi chimalakwitsa, chimauona mungu ngati mdani, n'kutulutsa histamine, amene amatupitsa m'mphuno ndi kuyabwitsa maso. Chimenechi ndi chiwengo, ndipo chimayenda m'magazi a pabanja limodzi ndi mphumu. Kuchisiyanitsa ndi chimfine wamba sikovuta. Mamina amakhala oyera ngati madzi, kuyetsemula kumabwera kondondozana, maso ndi kukhosi kumayabwa, thupi silitentha, ndipo m'malo motha pa sabata imodzi chimakhala masabata angapo, n'kubweranso mwezi womwewo chaka chamawa. Chinanso, chimamvera nyengo: kukagwa mvula mumachira, kukawomba mphepo mwadwalanso. Chimfine cha tizilombo sichiyang'ana kumwamba.

Chimene chimandipweteka mtima ndi kuona anthu akumwa maantibayotiki chaka chilichonse pa vuto limeneli. Ine ndinawamwapo zaka zitatu zotsatizana, wogulitsa mankhwala wina atandiuza kuti ndi masainasi. Sagwira ntchito pa chiwengo. Othandiza ndi mapiritsi ngati cetirizine kapena loratadine, ndi mankhwala opopera m'mphuno amene dokotala kapena namwino angakulembereni, ndipo opoperawo amagwira bwino mukawayamba nyengo isanafike pachimake. Piriton amathandiza koma amagonetsa, ndiye woyendetsa galimoto kapena wogwira makina asamale. Ngati chifuwa chikulira kapena mpweya ukuperewera, imeneyo si nkhani ya pafamase, pitani kuchipatala.

Zina n'zongotengera pa zimene tafotokozazi. Zovala zoyanikidwa panja tsiku la mphepo zimakolola mungu, ndiye zikung'untheni musanalowe nazo, makamaka zofunda ndi mapilo. Mukafika kunyumba sambani kumaso, ndipo tsitsi musagone nalo lili ndi fumbi la tsikulo. M'nyumba kolopani m'malo mosesa. Ndipo amene ali ndi mpanda wa saipuresi adziwe kuti timibulu timamera kunsonga za tinthambi, choncho mpanda woduliridwa kawirikawiri umatulutsa mungu wochepa kuposa wosiyidwa. Ndi chifukwa chake mbali ija ya amalume yokha ndiyo inafuka.

Loweruka lotsatira ndinabwereranso, koma tinapangana kuti tiyambe 6 koloko, mame asanaume. Tikumwa tiyi kuseri kwa galaja, amalume anatulutsa kabokosi kamene amasungiramo mbewu za maluwa. N'ka thabwa la mkungudza, ndipo bambo awo anabwera nako kuchokera ku Mulanje pamene mzinda uno unkatchedwa Salisbury. Mukakatsegula kamanunkhirabe, ndipo chiswe sichinakalawepo. Ndinawauza zimene zachitika kuphiriko: kuti macheka ndi moto zinautha mtengowo, moti kafukufuku wa mu 2017 anapeza ikuluikulu 7 yokha, ndipo tsopano anthu akubzala mbande masauzande ambirimbiri kuti ubwerere. Kwa mtengo wodalira mphepo, kutsala wochepa chotero ndi vuto lapawiri. Ku Japan mungu wachuluka mpaka kudwalitsa dziko, pamene pa Mulanje mphepo ikuwombabe ngati kale koma ilibe chonyamula chokwanira, ndipo kadontho kaja ka pa chipatso chachikazi kangathe kuuma kasanakole kanthu. Mbande zobzalidwazo ziyenera kukula zaka zambiri kuti ziyambe kufuka.

Amalume anatseka kabokosiko, n'kukhala chete kanthawi.

"Isanu ndi iwiri basi, phiri lonse lija?" anafunsa. Kenaka anayang'ana kunsonga kwa mitengo ya bulugama ya kutsidya kwa msewu, imene inali itayamba kugwedera. "Tiye mphwanga, gwira makwerero. Ikangokwana 9 koloko uyambanso kulira."